Mabuleki a Ulendo wa ku Joni

M'chaka chimene Chitaganya chinkatha, Bartholomew Kamanga anapatsidwa ntchito yake yotsiriza pa galaja yoyandikana ndi siteshoni ya sitima ku Kafue. Mzungu mwini galajayo ankasamukira ku Joni, ndipo anafuna kuti galimoto yake yobiriwira ya mtundu wa Jagwa iikidwe mabuleki atsopano ulendo usanayambe.

Bartholomew anakweza galimotoyo pa jeke, nachotsa matayala. Mapadi a mabuleki anali atadyeka mpaka pachitsulo, madisiki amene mapadiwo amagwira ali mizere yokhayokha. Anasintha zonse mosafulumira, akupukuta nati iliyonse, ngati kuti ntchito ikachedwa galaja sitsekedwa.

Masana mkazi wake Clementina anabwera ndi mbatata yophika.

"Mwakamba nawo abwana? Akuti chani za ise?" anafunsa.

"Akuti galaja sinapeze wogula. Mawa atseka."

"Nanga tibwerere ku Nyasalande?"

Bartholomew anatola nati ina, nayamba kuipukuta. Kwawo ku Dedza anachokako kalekale, makolo anamwalira, munda anatenga ena. Ndipo ndani angalembe ntchito makaniko amene maso ayamba kuchita nkhungu?

Anamanga tayala lotsiriza. Mzungu uja anayesa mabuleki pachipata, galimoto inaima njii! Anangogwedeza mutu, nakweza galasi, n'kulowera njira ya kumlatho wa mtsinje wa Kafue, ulendo wa ku Joni.