Kompyuta Imene Inasiya Kumva Bambo

"Dinanso," anatero Achimwene ataima kumbuyo kwa mpando, mpweya wawo ukutentha khosi la Mzime. "Kapena digiri ija unangoitola pamsewu?"

Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo awo m'manda. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, koma m'chipinda chowerengera munkanunkhabe mafuta amene Mzime ankatikita nawo manja a malemuwo. Manjawo anatsogola kufa zaka ziwiri zapitazo, sitiroko itawagwira. Kuyambira pamenepo bambo ankalemba ndi pakamwa: ankalankhula pa maikolofoni, pulogalamu ya pakompyuta n'kumasandutsa mawuwo kukhala zilembo. Mzime, mwana wawo wamkazi womaliza, ndiye anaiikamo n'kuizoloweretsa mawu awo kwa mlungu wathunthu.

Chimene ankafunafuna tsopano inali kalata. Bambo ananenapo, Azakhali akumva, kuti adzalemba zoti Mzime asachotsedwe m'nyumbamo popeza ndiye ankawadwazika. Achimwene sanabise maganizo awo. Kalatayo ikapezeka, aiona. Ikapanda kupezeka, Mzime atuluke mwezi ukatha, chifukwa alamu ake, akazi a Achimwene, anali atayeza kale mawindo.

"Chomaliza chimene analemba ndi cha miyezi itatu yapitayo," anatero Mzime. "Ankadandaula za mabowo a mumsewu."

"Mwina za nyumbazo ankangonena kuti uziwasambitsa bwino," anatero Azakhali, mlongo wawo wa malemu, amene anakhala pakona akusankha malaya oti akapatse amuna awo. "Munthu wodwala amachenjera, mwana wanga."

Mzime anayang'ana pasikirini. Ankadziwa chifukwa chimene makalata anathera pamenepo. Miyezi itatu yapitayo pulogalamu ija inasiya kulemba. Bambo anamuuza, iye n'kuganiza kuti mawu awo ndiwo afooka. Sanaitsegule n'komwe.

Anakokera maikolofoni pafupi. "Yamba kulemba," anatero. Kamzere kobiriwira kosonyeza kuti mawu akulowa sikanagwedezeke. Anazula chingwe n'kuchilowetsa pabowo lina. Anazimitsa kompyuta, kuiyatsanso. Zii. Atalowa kumene amasinthira za mawu, anapeza kauthenga kakang'ono kamene kanakhala pamenepo masiku onsewa kudikira munthu wodziwa kuwerenga: maikolofoni ikugwiritsidwa ntchito ndi pulogalamu ina.

Anaipeza pansi penipeni pa mndandanda, yobisika, yodziyatsa yokha kompyuta ikangoyaka. Tsiku limene inaikidwa linali m'mlungu umene Achimwene anabwera kudzazonda matenda.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

Achimwene anatsokomola. "N'zachitetezo. Kuti mdala akagwa ndidziwe."

"Mudziwe bwanji, inu muli kutali?"

"Imajambula mawu. Anandiikira mnzanga wa kuntchito." Anayang'ana kudenga. "Ndinkafuna ndimve amene ankawanong'oneza za nyumba."

"Ndiye munamva chiyani?"

"Nthawi yomvera ndikanaipeza kuti? Enafe timagwira ntchito."

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Pulogalamu ya Achimwene inkayamba kudzuka n'kugwira maikolofoni yokha, ya bambo n'kutsala yogontha. Mzime anaimitsa yobisikayo, anachotsa kachizindikiro koti izidziyatsa yokha, n'kukhosomola. Kamzere kobiriwira kanadumpha.

M'foda ya pulogalamu yobisika ija munali mawu ojambulidwa makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, tsiku lililonse ake.

"Ndiye kuti kalata ili m'menemo!" anatero Azakhali, n'kuyandikira malaya ali m'manja. "Tsegula timve."

Mzime anatsegula oyamba. M'masipika munamveka mpando ukulira, kenako munthu akukonza kukhosi monga ankachitira asanakalipe.

"Yamba kulemba. Kwa ana anga."

Ndipo pulogalamu yolemba ija, imene tsopano inali itamasuka, inamva mawu a mwini wake akutuluka m'masipika. Pasikirini panaoneka zilembo, zonse zolondola: Kwa ana anga.

"Mayo ine," anatero Azakhali, malaya n'kugwa.

Mzime anatchera khutu. Mawu a bambo analibe vuto lililonse.

Anadikira chiganizo chotsatira. M'masipika munangomveka kupuma, wotchi yapakhoma, galimoto ikudutsa panja. Kenako: "Kwa ana anga." Chete. "Kwa ana anga."

Bambo anagwira ntchito yomasulira mawu kukhoti kwa zaka makumi atatu, ndipo kumeneko anaphunzira lamulo limodzi limene analibweretsa kunyumba: sunena chiganizo chachiwiri cholembera cha woweruza chisanamalize choyamba. "Wolankhula adikire wolemba," ankatero, ndipo ana onse awiri anakunthidwapo chifukwa cholankhula mothamanga. Pasikirini pakapanda kuoneka kanthu, bambo sakanapitirira. Sakanatha.

"Lumpha," anatero Achimwene. "Tsegula ena."

Achisanu, chimodzimodzi. Achikhumi, chimodzimodzi. Tsamba linkadzaza ndi mzere umodzi wobwerezedwa. M'mawu a tsiku lina munamveka chitseko chikutseguka.

"Mzime, tandionereko makinawa. Sakundimva."

Kenako mawu a mkazi, akuthwa, makiyi akulira m'manja: "Bambo, makina ali bwinobwino. Ndi mawu anuwo. Mukulankhula ngati mwadzaza thonje m'kamwa. Ine ndachedwa."

Chitseko chinamenyetsedwa. Pulogalamuyo inalemba bwinobwino pempho la bambo, koma mawu a Mzime sinawazindikire. Inangomwaza zilembo zopanda mutu.

Achimwene anaseka mpaka kugwira mpando. "Azakhali, namwino wathu uja ndi ameneyu. Wofuna nyumba."

"Maikolofoni munailanda ndinu," anatero Mzime.

"Ine sindinaphunzire za makompyuta, achemwali. Unaphunzira ndiwe, mdala akulipira. Wakonza m'mphindi zingati?"

Mzime anayang'ana kiyibodi.

"Zinayi," anatero Azakhali akutola malaya aja. "Ndimayang'ana wotchi."

Anapitirizabe, chifukwa Achimwene ankafuna kutsimikiza. M'masabata otsatira bambo anayamba kudziphunzitsa kulankhula. M'mawa uliwonse, Mzime akangopita kuntchito, ankawerenga nyuzipepala mokweza, liwu limodzilimodzi, ngati mwana wa kalasi yoyamba. Akamaliza ankakonza kukhosi n'kuyesanso: "Yamba kulemba. Kwa ana anga." Za nyumba sanazifike. Sanatchule dzina la aliyense.

"Basi," anatero Achimwene, mawu amodzi okha atatsala. Anawongola jekete. "Kalata palibe. Tonse tamva, ndipo Azakhali ndi mboni. Mwezi ukatha. Kompyutayo ufufute zonse, ndikufuna ndikaiike ku ofesi."

"Usalire," anatero Azakhali ali pakhomo, malaya atawapanira m'khwapa. "Uli ndi digiri. Supeza kanyumba ka lendi?"

Anatuluka akukambirana za mtundu wa makatani.

Mzime anatsala yekha. Dzuwa la masana linagwera pampando wa bambo, pamene nsalu inaperepeseka ndi msana wawo. Anaganiza zolemba yekha kalatayo. Ankadziwa kalankhulidwe kawo kuposa pulogalamu iliyonse, ndipo palibe akanasiyanitsa. Anaika zala pakiyibodi. Anazichotsa.

Anatsegula mawu omaliza, ojambulidwa kutatsala tsiku limodzi kuti awatengere kuchipatala.

Mpando unalira. Mpweya unali waufupi.

"Yamba kulemba. Kwa ana anga."

Wotchi inagunda nthawi yaitali. Mzime anayembekezera ukali uja umene unkathamangitsa aliyense m'nyumbamo, ukali wa munthu amene sanapepesepo kwa mkazi wake kapena kwa mwana, ngakhale tsiku limene anamenya Achimwene pa mlandu wa mwana wa eni.

"Ayi, sindikukukalipira," anatero bambo motsitsa, ngati akulankhula ndi kalaliki watsopano amene cholembera chamuthera inki. "Wandilembera bwino zaka ziwiri. Vuto ndi langa. Pepa. Tiyesanso mawa."

Mawu anathera pamenepo, koma pulogalamuyo inatsalira m'mbuyo pang'ono, zilembo zikutuluka chimodzichimodzi. Mzime anapinda manja pamiyendo, osakhudza kanthu, n'kudikira mpaka wolembayo atamaliza.