Nyale ya Kumanzere kwa Khomo

Nkhani iyi anandiuza ndi Yu Painem, mayi wogulitsa mankhwala akumwa a zitsamba pa depoti ya ku Wonogiri, tsiku lina basi itandisiya. Pa kuyenda kwanga konse ndaphunzira chimodzi: basi ikakusiya, khala pafupi ndi munthu wokonda kulankhula. Kumeneko mkazi wamkulu amamuitana Yu, mwamuna Mas, wamng'ono kwa iwe Dik. Mayiyu ankakhala mudzi umodzi ndi eni nkhaniyi, ndipo anaiyambira pa msika.

Warsini anali akuyala tempe wake pa benchi, timitanda ta soya tokulunga m'masamba a nthochi, pamene Yu Tumirah wogulitsa tsabola anamugwira pamimba.

"Dik War, ubisa mpaka liti? Taona nsalu yayamba kukana kumangika."

"N'chinangwa ichi, Yu. Ndikudya kwambiri masiku ano."

"Chinangwa cha mwamuna wako Mas Darmaji chimenecho. Zaka khumi ndi chimodzi akubzala osamera, lero chazika."

Azimayi a mzere wonse anafa nalo phwete. Warsini anaseka nawo. Sanavomere, komanso sanakane, ndipo zonse zinayambira pamenepo.

Iye ankadziwa chimene chinali m'mimbamo. Dokotala wa m'tauni anali atamuonetsa pa kanema wa makina: zotupa zitatu m'chiberekero, chachikulu ngati kokonati. Si khansa, anatero dokotalayo, koma ndi zimene zinkamuchititsa kutaya magazi masabata awiri pa mwezi mpaka milomo kuyera mbee. Zinali zitakula moti panalibe kuchitira mwina koma kuchotsa chiberekero chonse.

Ankadziwa zimenezi anali iye ndi mwamuna wake Darmaji basi, munthu wofatsa womata matayala a njinga zamoto m'mbali mwa msewu. Apongozi ake, mayi Kasinem, omwe ankakhala nawo nyumba imodzi, sankadziwa. Chaka chathacho gogoyu anali atauza mwana wake, Warsini akumvera kuseri kwa khoma la nsungwi, kuti munthu salima munda umodzi mpaka kufa ngati mundawo sukupatsa. Anatchula ngakhale dzina la mkazi wina wamasiye wa kutsidya kwa mtsinje, wa ana awiri. Koma mimba itangoyamba kuoneka, nkhani ya wamasiyeyo inazima. Gogo uja anayamba kumulanda ndowa m'manja, kumusisita mapazi ndi mafuta, kumuitana kuti mwanawe. Warsini, yemwe mayi ake anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anali asanasisitidwepo mapazi ndi munthu.

"Dik, tiwauze Amayi," ankatero Darmaji.

"Mawa, Mas."

"Mawa lakoli lakwanitsa miyezi inayi."

"Akadziwa, wa kutsidya uja alowa m'nyumba muno ine n'kutuluka. Ndiloleni ndikondedweko sabata ina imodzi."

Sabatayo sinathe. M'mawa wina, apongozi atapita kwa mwana wawo wamkazi ku Pacitan, Warsini anagwa pambali pa beseni la soya, magazi atanyowetsa nsalu. Aneba anangoona Darmaji akumunyamulira m'galimoto ya mnzake, iye atagwira pamimba.

Ku chipatala anamuthira magazi mabotolo awiri, n'kumupatsa pepala loti asaine. Akumukankhira ku chipinda cha opaleshoni, anagwira mkono wa mwamuna wake.

"Mas, chimene achotsecho asakachitaye ndi zinyalala. Ndi thupi langa. Mukachikwirire kwathu."

Darmaji anangogwedeza mutu.

Atatsitsimuka, chinthu choyamba anapititsa dzanja pamimba. Panali bandeji, ndipo pansi pa bandejiyo panali pophwa. Bala linadutsa chopingasa m'munsi mwa mchombo. Kutsokomola kunali ngati kung'ambidwa. Tsiku lachiwiri namwino anamudzutsa kuti ayende, ndipo anayenda chowerama ngati wofunafuna singano, mpaka pa khomo la wodi. Kutsidya kwa khonde kunali wodi ya amayi ochira kumene. Anaima pamenepo kumvetsera makanda akulira, kenaka anauza namwino kuti miyendo yatopa.

Darmaji anapita kunyumba kamodzi kokha, tsiku la opaleshonilo, atanyamula chimene madokotala anamupatsa atatapako choti akapime. Masiku otsalawo ankagona pa mphasa pa khonde la chipatala, foni atazimitsa, poti analibe mawu oyankhira aliyense.

Anatuluka tsiku lachisanu, dzuwa lili pamutu. Galimoto itakhota pa mtengo wa mango, Warsini anaona nsapato zambiri pa khomo la nyumba yake. Kenaka anaona china. Kumanzere kwa chitseko, pansi pa khonde, panali dengu lovundikira dothi latsopano, ndipo m'kati mwa dengumo munkayaka kababu, masana onsewo.

Kumeneko aliyense, ngakhale mwana, amadziwa tanthauzo lake. Khanda likabadwa, bambo amatenga nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana, n'kuitsuka, kuikulunga mu nsalu yoyera, kuiika mu mphika wadothi n'kuikwirira pafupi ndi khomo. Amati ndi mng'ono wake wa khandalo, ndiye samusiya mu mdima. Nyale imayaka pamenepo masiku makumi atatu ndi asanu. Ikakhala kumanja ndiye kuti wabadwa mwamuna. Kumanzere, mkazi.

"Mas," anatero Warsini motsitsa mawu, "mwachita chiyani?"

Darmaji anayang'ana nyale ija, n'kuyang'ana nsapato zija, nkhope yake n'kugwa. Apa m'pamene anazindikira.

Azimayi anatuluka m'nyumba akukankhana, wina ndi sopo wa makanda, wina matewera, wina mazira mu mbale. Patsogolo panali mayi Kasinem. Aneba anawaimbira foni atangoona nyale, ndipo iwo anakwera basi yoyamba. Paphewa anali atakoleka nsalu yatsopano yoberekera mwana.

"Pang'onopang'ono, mwanawe, usaponde mwamphamvu," anatero gogoyo akumugwira chigongono. Maso ake anali mkati mwa galimoto. "Nanga mdzukulu wanga? Amusunga m'kabokosi kofunditsa kaja? Ndinadziwa ine, wafulumira kubwera. Nayenso Darmaji anabadwa wochepa ngati khoswe."

"Akafanane ndi mayi ake, chonde," anatero Yu Tumirah. "Mtsikana wa mphuno ya Mas Darmaji tidzamukwatitsa bwanji?"

Darmaji anatsegula pakamwa, koma Warsini anamugwira dzanja. Anaima chowerama, dzanja lina pa bala.

"Amayi, kulibe mwana."

"Wamwalira?"

"Sanakhalepo. Zinali zotupa. Ndinkadziwa kuyambira kale. Chimene chili pansi apocho ndi chiberekero changa. Achotsa chonse."

Mayi Kasinem anachotsa dzanja pa chigongono chija. Sanalichotse mwaukali ayi, anangolibweza ngati munthu amene wagwira katundu wa eni molakwitsa.

"Miyezi inayi," anatero. "Ndimakusisita mapazi."

Analowa m'nyumba. Azimayi aja anayamba kuvala nsapato mmodzimmodzi, mphatso atazibisa kumbuyo. Yu Tumirah anatsalira. Anaika mazira pa khonde, matewera n'kuwapanira m'khwapa.

"Mazira ndi ako, amapoletsa bala," anatero, osamuyang'ana kumaso. "Pakamwa pangapa, Dik. Bwenzi utandimenya tsiku lomwe lija."

Ali awiri ndi Darmaji kuchipinda, Warsini anafunsanso. "Ndinati mukwirire. Sindinati muyatse nyale."

"Ndinafika nacho pano chili m'chidebe cha chipatala, Dik. Ndinaima pabwalopo osadziwa poyambira. Kumanda sakanandilola, si maliro. Kuseri kumatayidwa mitu ya nsomba." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Njira yokwirira chinthu chochokera m'mimba mwa mkazi ndimadziwa imodzi yokha. Ndakhala ndikuiloweza zaka khumi ndi chimodzi. Mphika ndinagula kalekale, unali pamwamba pa kabati."

"Nanga kumanzere?"

"Poti ndi iwe. Ndiwe mkazi."

Warsini anatembenukira kukhoma, pilo atakanikiza pa bala, chifukwa kulira nako kunkakoka ulusi wosokera balalo.

Masiku otsatira, mayi Kasinem anamusamalira monga mwambo ufunira. Ankamuphikira phala la mpunga, kumutenthetsera madzi osamba, kumuwiritsira nsomba ya m'dambo imene amati imalumikiza mnofu. Manja awo ankagwira ntchito yonse, koma pakamwa panali potseka. Mbale ankaiika pa mpando n'kutuluka. Mawu aja oti mwanawe sanamvekenso.

Thupi lokha linkachira. Sabata yoyamba Warsini ankafika pa khomo, yachiwiri pa mtengo wa mango. Ulusi anachotsa, bala linayamba kuyabwa, milomo inabwerera mtundu wake. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zitatu ankagona pa nsalu yoyera osaopa kuidetsa. Nthawi zina ankapezeka wasangalala nazo, kenaka n'kuchita manyazi ndi chisangalalocho.

Sabata yachitatu, masana ena, anamva apongozi ake akulankhula kukhitchini.

"Zimitsa chinthu chija. Anthu odutsa akumaloza."

"Masiku ake sanakwane, Amayi."

"Masiku a ndani? Ukuunikira chiyani pamenepo? Tamvera, Darmaji. Kale ndinkati mwina Mulungu adzatsegula. Tsopano palibe choti atsegule. Wa kutsidya uja akadalipo. Sindikuti uyu umuthamangitse, akhoza kukhala. Nyumbayi ndi yaikulu."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Amayi."

"Nanga phanga lopanda denga?"

Darmaji sanayankhe. Kusayankhako n'kumene Warsini anamva kwambiri.

M'mawa mwake, mwamuna atapita ku matayala ake, Warsini anatulutsa chikwama n'kuyamba kupinda zovala. Anaganiza zopita kwa mchimwene wake ku Klaten, kuti achoke yekha asanauzidwe. Atadzaza chikwamacho anapeza kuti sangachinyamule. Dokotala anali atamuletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa ketulo. Anachikoka ndi phazi mpaka pa balaza, n'kukhala pansi akupuma mwabefu.

Apongozi anamupeza pamenepo. Anayang'ana chikwama, anayang'ana iye.

"Ukupita kuti ndi bala limenelo?"

Anali mawu oyamba pa masiku khumi ndi asanu ndi atatu.

"Ndikukupatsani malo, Amayi. Mas akwatire. Ine ndinakunamizani."

"Unandinamiza, eya." Gogoyo anakhala pa mpando, manja pa maondo. "Dzulo usanagone mwamuna wako anabwera kwa ine. Akuti ukachoka iwe, iye atseka nyumba n'kukutsata, ngakhale kukamata matayala ku Klaten. Mwana amene sanandiyankhepo chibadwire." Anayang'ana pamimba pa Warsini. "Mdzukulu uja ndinamupatsa dzina, ukudziwa? M'basi muja. Njira yonse kuchokera ku Pacitan ndinkalitchula."

"Linali ndani, Amayi?"

"Si lako kuti ulimve."

Warsini anawerama. Gogo uja anadzuka, n'kukokera chikwama chija kuchipinda, n'kukhuthulira zovala zonse pa bedi. Kenaka anapita nacho kuchipinda kwake.

"Chikwamachi ndibwereke," anatero ali mkati. "Kusabereka ndikanakukhululukira, si iwe unadzilenga. Koma ndikakuona ndimaona mwana uja, ndipo ndine wokalamba, sindingathe kumuika m'manda tsiku lililonse. Nsomba ili mu mphika. Uzidya, usamasiye msuzi."

Anakwera basi ya masana ya ku Pacitan. Warsini anawaperekeza mpaka pa mango, pomwe miyendo yake inkathera. Gogoyo sanacheuke.

Darmaji atabwera madzulo anapeza chipinda cha mayi ake chosesedwa, mphasa itapindidwa. Anakhala pa khonde nthawi yaitali.

"Ndizimitse nyaleyi?" anafunsa pomaliza.

"Kwatsala masiku angati?"

"Khumi ndi awiri."

"Isiyeni ikwanitse."

Inakwanitsa. Tsiku lotsatira Darmaji anachotsa babu ndi dengu, n'kusalaza dothi. Sabata yachisanu ndi chiwiri Warsini anabwerera ku msika ndi tempe wake, mwamuna atamunyamulira dengu. Nyumba inakhala yake, mwamuna anakhala wake. Mayi Kasinem sanapondemonso, ngakhale pa chikondwerero chomasula Ramadani, pamene anthu amapemphana chikhululuko. Awiriwo anapita okha ku Pacitan, Warsini anagwada n'kupsompsona dzanja la apongozi ake, ndipo iwo anamufunsa za mtengo wa soya.

Yu Painem anaonjezera kuti mwezi uliwonse kondakitala wa basi ya ku Pacitan amatsitsa kathumba ka nsomba zouma pa nyumba ija, kopanda kalata, kopanda dzina. Zina zonsezi ndikuzikhulupirira, poti mudziwo ndinadutsamo ndipo Warsini ndinamuona ndi maso anga akukulunga tempe. Koma za kathumbazi ndikukayika. Anazinena basi yanga ikulowa kale mu depoti, atandiyang'ana kumaso, ndipo ndikuganiza kuti anangondimvera chisoni.