Tepi Yomwe Inalira Kamodzi

Mlamu wanga Lyuben ali ndi zimbale za nyimbo zodzaza makoma atatu a chipinda, koma mkazi wake atamwalira tinapeza kuti mawu a mkaziyo sanasungidwe paliponse. Nevena anali mng'ono wanga. Anakhala ndi Lyuben zaka makumi anayi ndi ziwiri m'nyumba ya m'mwamba mumzinda wa Plovdiv, ndipo wina akatulutsa foni kuti ajambule, kaya pa ukwati kaya pa ubatizo, mlamu wangayo ankakwinya nkhope n'kunena kuti foni imapha mawu. Ankati tsiku lina adzagula maikolofoni enieni, adzamukhazika Nevena pakati pa chipinda n'kumujambula bwinobwino. Matenda anafika msanga kuposa maikolofoniwo.

Patapita chaka Nevena atamwalira, Lyuben anabwera kwathu, n'kukhala pampando osavula chikhoti.

"Alamu, mawu ake andithawa," anatero. "Nkhope ndikuiona. Koma ndikafuna kumva mmene ankandiitanira, m'mutu muli zii."

Munthu amene amatha kukuuza kuti woimba gitala uyu wasintha nsambo pakati pa chimbale, anali ataiwala mawu a mkazi wake. Ndinamumvera chisoni, komanso ndinamukwiyira.

Chakumapeto kwa chaka tinagulitsa nyumba ya makolo athu kumudzi. Ndikuchotsa zinthu m'chipinda cha pansi, kuseri kwa mbiya za vinyo, ndinapeza chitini cha dzimbiri. M'katimo munali tepi ya makedzana, ya pagudumu, ndipo pakapepala panali dzanja la bambo athu: Nevena, 1979. Tsikulo ndinalikumbukira nthawi yomweyo. Tinkawotcha tsabola pabwalo, bambo anatulutsa makina awo ojambulira n'kumukakamiza Nevena kuti aimbe. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, asanakwatiwe.

Tepiyo tinapita nayo kwa Ognyan, mnzake wa Lyuben amene anagwira ntchito ku wailesi mpaka kupuma. Anainunkhiza, anaiyang'ana pawindo, n'kuisunga milungu iwiri akuiumitsa. Pobweza sanabise mawu.

"Chinyezi chaidya iyi. Mwina ilira kakhumi, mwina kamodzi kokha. Tilumikize kompyuta paulendo woyamba, ikamalira tizijambuliratu."

"Ayi," anatero Lyuben. "Ulendo woyamba ndiumve woyera. Ukawonjeza nthambo ina panjira, mawu amatayika. Tidzajambula ulendo wachiwiri."

"Atayika angati, alamu?" ndinafunsa. "Atatu? Ndidzakutolerani pansi."

"Inu alamu mumamvera nyimbo pa kawailesi ka kukhitchini, mafuta akuthetheka m'poto. Izi zisiyireni eni ake."

"Eni ake ndi ndani? Tepi ya bambo anga, mawu a mng'ono wanga. Inu chanu ndi mawaya."

Ognyan anayesa kamphindi kakang'ono ka kumayambiriro, pomwe bambo ankangokhosomola ndi kugogoda maikolofoni. Anabweza, analizanso, tepi inapirira. Lyuben anatambasula manja ngati wapambana mlandu, ndipo Ognyan, munthu wosakonda mikangano, anangokweza mapewa. Nanenso ndinagonja. Ndinadziuza kuti wamasiye ndi iye, achite zimene mtima wake ukufuna.

Anasankha Lamlungu m'mawa, chifukwa iye amati tsiku limenelo magetsi amakhala oyera, mafakitale atatseka. Kwa Lyuben nyimbo siyamba chisawawa. Firiji amaizimitsa. Wotchi ya pakhoma amaiimitsa. Mafoni amasiyidwa kukhitchini m'mbale yagalasi, ndipo wanga ndinauponya momwemo pambali pa banitsa, chitumbuwa cha tchizi chimene ndinabweretsa, ndikung'ung'udza koma ndikumvera. Ampulifaya, makina okuzira mawu, anaiyatsa ola lathunthu tisanafike kuti mababu ake atenthe. Masipika awiri, aatali kufika m'mapewa mwanga, anaima pamalo amene anawayeza ndi chingwe zaka zapitazo, ndipo pakati penipeni pa chipinda panali mpando umodzi wokha. Anakhalapo iye, atavala malaya oyera ndi tayi. Ine ndinakhala pakampando pafupi ndi makina a tepi, pomwe Ognyan anaimirira.

Magudumu anayamba kuzungulira. Bambo anakhosomola. Nkhuku inatetera, moto unathetheka, amayi anakalipira wina chapatali. Kenako Nevena anayamba.

Kunena zoona, makina a mlamu wanga ndinawanyoza kwa zaka zambiri, koma m'mawa umenewo ndinawapepesa chamumtima. Nevena anaima pakati pa masipika awiriwo, wamoyo, mtsikana. Ndinamva mpweya umene ankakoka asanakweze mawu, ndinamva kuti akuimba uku akuletsa phwete. Inali nyimbo ya kumapiri kwathu, yaitali, ya mtsikana wodikira abusa kuti atsike ndi nkhosa. Misozi inangoyamba kutsika yokha. Nditacheuka ndinaona Lyuben atagwira mikono ya mpando.

Ndime yachiwiri ili mkati, mutu wake unapendekeka. Kupendekeka kumeneko ndimakudziwa.

"Kumanzere kukulira," ananong'ona.

Ndinatchera khutu. Mwina kunalidi kaphokoso, kocheperapo kuposa udzudzu wa kuchipinda china.

"Khalani pansi, alamu."

"Kamphindi chabe. Sindingamumvere ndi chimenechi."

Anadzuka, anazungulira kuseri kwa shelefu ya makina, n'kugwada. Ndinkangoona zidendene zake. Ankasuntha nthambo imodziimodzi, khutu ataligunditsa ku ampulifaya, akudzilankhulira yekha.

Apa m'pamene Ognyan anandikoka dzanja n'kuloza patebulo. Pansi pa kachitsulo kamene tepi imakhulapo panali pakuunjikana fumbi lofiirira, longa khofi wogaya. Tepi inkalowa yakuda, n'kumatuluka yoyera mbee, yoonekera kuseri.

"Ikusupuka," anandinong'oneza, nkhope itachita thukuta. "M'kati muno inamatirirana. Ndikaimitsa iduka."

"Lyuben!" ndinaitana. "Tulukani uko, tepi ikutha!"

"Ndatsala pang'ono," anayankha ali kuseriko.

Ndikanatha kukuwa. Ndikanatha kudzuka n'kukamukoka tayi. Koma nthawi yomweyo nyimbo inatha, m'manja munawombedwa, ndipo ndinamva mawu anga omwe, a utsikana, akumuputa Nevena. Ndikanakuwa ndikanaphimba zimene zinkabwera, choncho ndinatseka pakamwa n'kumvetsera. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

"Iwe, nanga mnyamata wa mawaya uja ukuti naye bwanji?" ndinatero ine wa pa tepi. "Munthu wosalankhula ngati chitsa."

Nevena anali atachoka pa maikolofoni, mawu ake anamveka chapansipansi, akuseka.

"Musiyeni, achemwali. Ndikamalankhula amasiya zonse n'kumandimvera mpaka ndimalize. Pakhomo pano palibe amene amatero. Ameneyo ndiye wanga."

Bambo ananena kuti tepi yatha. Kamchira kake kanatuluka n'kumamenya makina, phaphapha, mpaka Ognyan anazimitsa.

Lyuben anatuluka akusasa fumbi m'mawondo, nkhope ikuwala.

"Ndaipeza! Nthambo ya kumanzere inagona pa ya magetsi. Tsopano mumva kusiyana kwake. Bweza kumayambiriro, Ognyan."

Ognyan anangonyamula gudumu n'kuliika pakuwala kwa windo, kenako analoza fumbi lija. Lyuben anayang'ana nthawi yaitali. Anati tibwezebe, ndipo tinabweza. Bambo anakhosomola, anagogoda maikolofoni, Nevena anaimba mizere iwiri modukaduka, kenako kunangotsala mphepo. Inamveka bwino kwambiri mphepoyo, yopanda kaphokoso kalikonse kumanzere, ndipo tinaimvera mpaka kumapeto chifukwa palibe analimba mtima kuzimitsa.

Ognyan anati akukaphika khofi, ndipo anakhalitsa kukhitchiniko. Lyuben anatola kachikho, n'kusesera fumbi lija m'menemo ndi m'mphepete mwa dzanja, mosamala, osataya ngakhale pang'ono. Atamaliza anakhala pansi penipeni, tayi ili pambali.

"Kumapeto kuja kunali kulankhula," anatero osandiyang'ana. "Ndinamva kuseka. Amati chiyani?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri omulasa nawo, a zaka makumi anayi. Za mng'ono wanga amene anasiya kuimba m'nyumba mwake momwe chifukwa munkafunika bata. Za mmene ankayendera chonyang'ama, atanyamula nsapato m'manja, mwamuna wake akamvera anthu ena akuimba. Koma nditamuyang'ana ndinaona kuti chimene Nevena ananena n'cholemera kale, sichifuna thandizo langa. Ndinaganizanso zomunamiza, kumuuza kuti tinkakamba za tsabola. Koma mawuwo anali ake, ndipo tsopano anali m'mutu mwanga mokha, mutu wa nkhalamba yoiwala kumene yaika magalasi.

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa chitsa paja.

Sanalire nthawi yomweyo. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, chikho chili m'manja.

"Ananena choncho?"

"Ananena choncho."

"Mpaka ndimalize?"

"Eya."

Pansi pa nyumba panadutsa galimoto, mabelu a tchalitchi anayamba kulira, zinthu zimene masiku onse zimamuchititsa kutukwana. Lyuben sanazimve.

"Ananena bwanji, alamu? Mofulumira? Anaseka asananene, kapena atanena?"

"Pakati. Anaseka pakati, pomwe amati pakhomo pano."

"Tanenani mmene ananenera."

"Ine mawu anga ndi a fodya, alamu. Sindingathe."

"Chonde."

Kale anthu ankatisokoneza pa foni, ine ndi Nevena, koma zimenezo n'zakale. Ndinakonza kukhosi n'kuyesa. Zinatuluka zosasa, zonjenjemera, ndipo pomwe panayenera kukhala kuseka panatuluka chinthu china. Ndinaima pakati, ndinapuma, ndinayambiranso, ndinalakwitsa liwu limodzi n'kubwerera. Kunja mabelu anali akulirabe, Ognyan anagwetsa supuni kukhitchini. Lyuben anaika chikho pansi, manja pamawondo, ndipo sanasunthe mpaka ndinamaliza.