Nsanza Yofiira ya a Kebalepile

Ndege zathu zing'onozing'ono za ku Maun, kuno ku Botswana, zimasunga mafuta m'mapiko. Mafutawo amatsika okha kupita ku injini, bola mpweya uzilowa m'thanki kudzera pa kapaipi kali kunsi kwa phiko. Kakatsekeka, zimakhala ngati ukuyamwa botolo osalipatsa mpata wopuma: mafuta alimo tho, koma satsika. Tsoka lake mavu a kuno amakakonda kapaipiko, tsiku limodzi lokha akamata dothi.

A Kebalepile, amene anathira mafuta m'ndege za kampani yathu zaka makumi awiri, ndiwo anapeza nzeru. Ankasema timitengo ta tsanya, n'kumangirira nsanza yofiira, n'kutseka timapaipito ndege ikaima. Woyendetsa aliyense ayenera kuzungulira ndege yake asananyamuke, ndiye ankangozula kamtengoko. Ine monga makaniko ndinkatiyamikira, poti tinandipumitsa ntchito yotokosa zisa.

"Rra, mwaivekanso ndolo ndege yangayi?" ankawaseka motero Gofaone, woyendetsa wathu wokonda kudzimva. Kuno bambo timati Rra, mayi timati Mma.

"Eya, mwanangu, kuti ikongole kuposa mwini wake."

Lachiwiri lina Gofaone anafika mochedwa, alendo anayi akutuluka thukuta padzuwa. Ndinamuona ndi maso angawa: anangomenya tayala ndi nsapato, n'kukwera. Za nsanza sizinandifike m'mutu. Patatha theka la ola injini inatsokomola n'kuzima, ndege n'kukatera padambo louma. Palibe anafa, koma mayi wina anathyoka dzanja. Titafika, nsanza ija tinaipeza ikadali pamalo pake.

Mma Ntebogang, oyang'anira kampani, anatiitana tonse atatu, kamtengo kali patebulo.

"Ndinazungulira ndege yonse," anatero Gofaone, osaphethira n'komwe. "Chinsanza chakudacho angachione ndani?"

"Mma, nsanzayi ndinaichapa Loweruka," a Kebalepile anayankha. "Afunseni amakanikowa. Timitengoti amatidziwa, ndipo anali pomwepo."

Mma Ntebogang ananditembenukira. "Rra Moalosi, chinthu chopanda chilolezochi chimalowa m'ndege inu mukudziwa?"

Ndikanavomera, chiphaso changa cha umakaniko chikanathera pomwepo, chifukwa lamulo sililola kamtengo ka m'tchire pa ndege. Ndinaganiza za ana anga atatu. Ndinayang'ana patebulo ngati ndikuona chachilendo.

"Ayi, Mma. N'koyamba kukaona."

A Kebalepile sanakalipe. Anangondiyang'ana, n'kuvula ovolosi, n'kuipinda bwinobwino n'kuisiya pampando. Ndikanakonda akananditukwana. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbuka mapindidwe awo aja.

Patapita miyezi iwiri kunabwera katoni kuchokera ku Johannesburg. Munali tizitsekero tapulasitiki, kalikonse ndi kansalu kofiira. Pakhoma anamatapo chikalata chothokoza Gofaone chifukwa cha maganizo ake abwino oteteza ndege ku mavu. Anamudulira keke. Ine ndinadya nawo, osabisa.

Masiku ano a Kebalepile amawotcha nyama kunja kwa geti la bwalo la ndege. Ndinkadzera njira ina, koma dzana anandikola.

"Rra Moalosi! Mwayamba kuopa utsi? Bwerani kuno. Mavu aja akukusautsani?"

"Ayi, Rra. Kampani inagula zotsekera."

"Oo? Zogula!" Anatembenuza nyama pamoto. "Zikuoneka bwanji?"

"Ngati zanu zija. Ndi nsalu yofiira."

Anagwedeza mutu, n'kukulunga nyama m'pepala n'kundipatsa. Nditatulutsa mapula anga, ndalama za kuno, anandibweza dzanja.

"Sungani, mukagulire magalasi. Mwina zapulasitikizo muziziona."