Nsapato ya Kumanzere

Kwa zaka khumi ndi zinayi, wosoka nsapato wina ankakuza nsapato ya kumanzere ya mlamu wake, mmisiri wa matabwa.

Zinayamba ndi kachibanthu ka thabwa kamene kanamubaya mmisiriyo pamwamba pa phazi. Pabalapo panatuluka kachotupa koyabwa ngati chipere, kenaka njerewere zokhakhala zimene zinkayanga pang'onopang'ono. Poti sizinkapweteka, ankangopakapo mafuta n'kumapita kuntchito. Nsapato ikathina ankaibweretsa. Wosoka ankaing'amba pamwamba, n'kuikapo chigamba cha chikopa chofewa, msoko n'kuutulutsira kunja kuti usakhule. Ntchitoyi ankainyadira, ndipo ankamuseka mlamu wakeyo kuti phazi limeneli posachedwa lidzafuna chipinda chakechake.

Lachiwiri lina wosoka atapisa dzanja mu nsapatomo kuti ayeze, anapeza mkati muli monyowa, mukununkha. Anamuuza kuti avule sokosi. Pakati pa njerewerezo panali chilonda chakuya, cholimba m'mbali, chikuchucha magazi. Mmisiri anavomera kuti chatha miyezi isanu osapola, ndipo mkazi wake, mlongo wa wosokayo, sankadziwa kuti chafika pamenepo.

Wosoka anaponya nsapatoyo pansi pa benchi.

"Lero sindisoka, alamu."

"Ndiye kuntchito ndizipita chodumpha ngati chule?"

Wosoka anapita naye kuchipatala, mlamuyo atavala patapata. Dokotala anadulako kanyama kuti akapime. Patatha milungu itatu anawafotokozera kuti anali mafangasi, tizilombo tonga toyambitsa chipere, ndipo chifukwa chokhalitsa pakhungu, panayambika khansa. Anati m'zaka zoyambirira mankhwala akanathandiza, koma tsopano phazilo liyenera kuchoka matendawo asanakwere. Kenaka anafunsa, mongodabwa, kuti zaka zonsezi bambowa ankavala bwanji nsapato.

Pabenchi yapakhonde la chipatala wosoka ankangoyang'ana zala zake zakuda ndi polishi. Anayamba kunena kuti akanakana kuisoka nsapatoyo kalekale. Mmisiri anamukumbutsa kuti nsapatoyo sinkabwera yokha, ndiponso kuti ana atatu amaliza sukulu bambo wawo ataimirira pamakina. Anatenga pepala lovomereza opaleshoni, naliwerenga kawiri, n'kusaina atalitsamiritsa pantchafu.

"Akuti adula m'munsi mwa bondo. Bondo atisiyira." Anabweza cholembera. "Koma achemwali anuwo mukawauze ndinu, alamu. Ine ndimawaopa kuposa mpeni."