Chimanga cha Bwana Chingwe

M'zaka za Chitaganya, azungu a pa boma la Fort Jameson anali ndi komiti yawo yokonza malamulo a nthaka. Chaka china anachita zomwe iwo ankaziyesa chifundo chachikulu: anapereka mpando umodzi kwa makalabu a achinyamata olima. Unali mpando womverera chabe, osati woyankhulira. Kumuitanira munthu kuphwando n'kumumanga pakamwa, chifundo chake chinali chimenecho.

Mpandowo unagwera Magalita Jere wa ku Kasenengwa, mtsikana wosaopa ng'ombe yolusa koma wonjenjemera akangoona chipewa cha mzungu. Nkhani ya tsikulo inali yakuti madimba onse a m'mbali mwa mitsinje azulidwe, ati amagumula magombe. Mwini ganizoli anali mzungu wa zaulimi amene anthu anamutcha Bwana Chingwe, poti paliponse ankayenda ndi chingwe choyezera, ndipo chimene chingwe chakana nayenso ankakana. Dimba la kalabu ya Magalita linali m'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe. Analitchinga okha ndi minga, kulithirira ndi zitini mpaka manja kutuluka matuza, ndipo mu Okutobala, dziko lonse lili mbuu, chimanga chawo chinali chitafika podyeka.

M'mawa wa msonkhano, Fackson Tembo, wapampando wa makalabu onse, anam'patsira nsengwa ya chimanga chootcha pakhomo pa boma.

"Mlongo wanga, poti akuletsa kuyankhula, usakayankhule. Nthawi ya tiyi ukangogwada n'kumupatsa Bwana Chingwe chimangachi."

"Nanga akakakana, achimwene?"

"Akakana ndiye tidziwa kuti dimba lapita. Ife tikhala panja pano."

Magalita anayang'ana uku ndi uku. Panja panali mbuzi ziwiri ndi mesenjala woodzera, ndipo mtima wake unagwa.

M'chipindamo Chingerezi chinayenda ngati mvula pa malata. Womasulira, bambo Gerson Soko, ankamunong'oneza zidutswa chabe, koma zidutswa zomwezo zinali zokwana kumudziwitsa chinthu chimodzi: palibe mzungu ngakhale mmodzi amene ankatsutsa zozula madimba. Tiyi atalowa, Magalita ananyamuka nakagwada pafupi ndi Bwana Chingwe, nsengwa ili m'manja.

Mzunguyo anaseka, natola chimanga chimodzi. Chimanga chachiwisi m'chilimwe sichikanika, ngakhale kwa munthu wa chingwe. Koma chisanafike pakamwa, Magalita anamva mawu akutuluka m'kamwa mwake osawatuma.

"A Soko, auzeni kaye. Asadye osadziwa."

Bambo Soko anamuyang'ana mokhala ngati akuti mwana iwe watayiranji mwayi, komabe anamasulira. Anafotokoza kuti kwa Angoni zakumunda zatsopano sizidyedwa mpaka wamkulu atalawa, ndipo amene walawa ndiye amasanduka mtetezi wa mundawo. Sangautembenukirenso n'kuuzula. Anati chimangacho n'cha m'madimba omwe akukambidwawo, ndipo eni ake sanalaweko ngakhale njere imodzi.

"Eni ake ali kuti?" anafunsa Bwana Chingwe, kuseka kuja kutatha.

Anapita pawindo chimanga chili m'manja, ndipo Magalita anadzuka n'kusuzumira kumbuyo kwake. 

Bwalo lija la mbuzi ziwiri linali litadzaza mpaka kumsewu. Anyamata ndi atsikana a ku Mtenguleni, a ku Kasenengwa, a ku Kapata, ena ovala mayunifomu a sukulu za mishoni, ena nsanza za kudimba, onse anali atakhala pansi padzuwa loswa mtengo lija. Aliyense anali ndi chimanga chimodzi m'manja, chosalumidwa. Panalibe woyimba, panalibe wokhosomola. Amesenjala anangoima ndi ndodo zawo kusowa chochita, poti kukhala pansi uli chete si mlandu. Anthu onsewo anafika bwanji osamveka ngakhale mgugu? Magalita anawadziwa ambiri mwa iwo, anzake aphokoso osatha kusunga pakamwa ngakhale m'tchalitchi, ndipo lero anawaopa ndi mantha aulemu, monga aopedwera mtsinje wodzaza. Sanadziwe kuti iwo eni ndi ochuluka chonchi, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake.

Azungu ena anayamba kuyankhula mokweza, wina akuti aitane apolisi. Bwana Chingwe anayang'ana khamulo nthawi yaitali, nkhope itafiira mpaka m'makutu, kenaka anayang'ana mtsikana uja amene akanatha kumusiya kuti adye mosadziwa. Anakankha windo kuti onse amuone, naluma.

Dziko linagwedezeka. Mapazi onse aja anaponda pansi kamodzi, mwa kavinidwe ka ngoma, gule wa Angoni, mpaka makapu a tiyi analira pa mbale zawo ndipo fumbi linakwera kubisa mbendera. Nthungululu za atsikana zinang'amba mlengalenga. Kenaka kunangoti zii, poti aliyense tsopano anali kutafuna.

Musaganize kuti Bwana Chingwe anasanduka mngelo. Atabwerera patebulo anatsutsana ndi anzake mpaka thukuta, nanenetsabe kuti mizere ya kufupi kwenikweni ndi madzi ichoke, pabzalidwe bango. Koma za kuzula madimba sanazitchulenso. Ndipo atafika pa funso lakuti malirewo adutse pati, anatembenukira ku mpando uja womverera chabe, nafunsa kudzera mwa bambo Soko kuti kodi madzi a Lutembwe amafika pati mvula ikakula. Magalita anayankha atakhala pampando, azungu onse ali tcheru.

Sabata yotsatira anthu a ku Kasenengwa anaunjikana pagombe kudzaona zomwe sanazionepo. Bwana Chingwe anali m'matope mpaka m'mawondo atagwira nsonga ya chingwe chake, ndipo nsonga inayo inali m'manja mwa Magalita, amene ankamukodola kuti asunthire pang'ono cha kumadzi.