Chikope cha kwa a Elias

Idah adabadwa patatha miyezi isanu ndi inayi ndi masabata atatu bambo ake, Harrison, atapita ku Halale kukaphika kwa azungu. Anthu a ku Sanga ndi ophunzira, ndipo samu imene amaikonda kwambiri ndi yowerenga miyezi ya mimba za eni. Masabata atatuwo adawapeza. Mayi wa mwanayo, Belita, anali wobwera, mwana wa munthu wa ku Thyolo wogwira ntchito ku mitengo ya mphira, choncho womuikira kumbuyo analibe.

Chidamupulumutsa ndi chikope. Cha kumanzere cha khandalo chinali chogwa, chophimba theka la diso, ngati cha Harrison, ngatinso cha bambo a Harrison, a Elias, mkulu wa mpingo. A Elias adanyamula mwanayo, n'kupendeketsa mutu chagada monga ankachitira akafuna kuona bwino.

"Uyu ngwathu," adatero. Miseche idathera pomwepo.

Idah atakwanitsa zaka zinayi, ku chipatala cha mishoni kudabwera dokotala wa maso woyendayenda. Belita adamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, n'kupita naye mwana. Dokotala adati disolo ndi lamoyo, koma likakhalitsa kuseri kwa chikope limachita ulesi mpaka kuiwala ntchito. Akhoza kukweza chikopecho n'kuchimangirira ku mnofu wa pamphumi. Koma iye anyamuka Lachisanu, ndipo zobweranso sakudziwa.

Vuto linali kalata. Harrison adalemba kuti afika pa Khirisimasi, ndipo mwana wake anali asanamuonepo.

"Ama, dikirani mwamuna wanu aone kaye," adatero a Elias. "Chikopecho ndiye chidindo; mukafufuta chidindo, kalata aikhulupirira ndani? Ine ndakalamba nacho, ndafa?"

Belita adachita mantha, osati pang'ono. Ankadziwa kuti ya masabata atatu ija idafika kale ku Halale, poti nkhani zotere siziyembekeza basi. Koma madzulo ake, akuviika chinangwa, adaona Idah akupunthwa pa mtondo umene unali kumanzere kwake, poyera. Lachinayi adakadinda chala papepala la opaleshoni.

Mwana adatuluka ndi timabala titatu pamwamba pa nsidze, maso onse ali gwa. Akagona masana disolo silinkatsekeka lonse, ndipo a Elias ankadandaula kuti mdzukulu wawo akuwalondera ngakhale m'tulo. Amayi a kudambo nawo adayambanso samu yawo: "Kukongola wakongola, koma tsopano akufanana ndi yani?"

Harrison adatsika basi pamsewu atavala suti ndi chipewa, dzuwa likuswa mtengo. Mudzi wonse udabwera, ati kudzathandiza kunyamula katundu, chonsecho sutikesi inali imodzi. Belita adakankhira mwana kutsogolo.

Harrison adaima, n'kupendeketsa mutu chagada, chibwano m'mwamba, kuti amuone bwino. Idah, amene tsopano analibe chifukwa chochitira zimenezo, naye adakweza chibwano chimodzimodzi. Dokotala adakonza chikope, koma chizolowezi cha zaka zinayi sadachikhudze. Adayang'anana choncho ngati atambala awiri, mpaka wina kumbuyo adalephera kudzigwira n'kuphulika kuseka.

"Diso atilanda," adatero a Elias, "koma khosi ndi lathu."

Harrison sadaseke. Adanjuta, n'kuphimba diso lakumanja la mwanayo ndi chikhatho, dzanja linalo n'kutulutsa switi m'thumba. Idah adaitsomphola osaphonya.

"Akuona nalo," adatero motsitsa mawu. Kenaka adatembenukira kwa mkazi wake, n'kuloza diso lake lakumanzere. "Belita, langali silinaonepo kanthu chibadwire. Sindinakuuzepo. Yewo, ama, ndathokoza."